Kachitsulo Kotsala

Loweruka ndinagona pansi pa galimoto
pa thumba long'ambika la fetereza,
jeke uku, mwala wa pakhonde uko,
dzuwa la Okutobala likundiwotcha zidendene.
Ndinati ndalama ya a Daka, makanika wa ku Kapata,
igule yunifomu ya mwana.
Mapadi ndiika ndekha. Manja ndili nawo.

Ndinachotsa akale, opyapyala ngati lumo,
ndinalowetsa atsopano, onunkha katoni,
ndinamanga mabauti mpaka sipanala inandiluma chikhatho.
Madzulo ndinasamba ndi sopo wochapira,
n'kumazungulira pabwalo manja kumbuyo
ngati munthu wa satifiketi.

Lolemba, potsika ku Kanjala,
kumbuyo kunayamba kulankhula.
Gobede.
Gobede-gobede.
Ndikaponda buleki, zii.
Ndikachotsa phazi, gobede,
ngati supuni m'kapu yachitsulo.
Amake mwana sanakweze mawu.
Anangoyang'ana chala changa chomanga kansalu
nati, "Munditsitse pano, ndikwera njinga."
Ndinawaona akundipitirira pa keriyala,
chikwama pamiyendo, osacheuka.

Usiku ndinayimba mlandu chilichonse.
Tayala la sipeya ndinalimanga ndi lamba,
ekizozi ndinaigwedeza, ili nganganga,
buti ndinaikhuthula: chidebe, chingwe, nsapato imodzi.
Ndinazungulira ku Mchini pa msewu wa maenje.
Gobede.
Safunsa anadya phula, ndikudziwa,
koma nambala ya a Daka ndinaidumpha kawiri.

Lachiwiri, jeke kachiwiri.
Ndinagwira tayala pamwamba ndi pansi, n'kukoka:
beringi ilibe mlandu.
Ndinalichotsa, ndinalowetsa chala,
ndipo padi inasuntha.
Pang'ono chabe,
monga dzino la mwana latsala masiku awiri.
Ndinasanjikiza yakale pa yatsopano,
makutu ake ofanana, utali womwewo.
Mapini ali ndi girisi, akuyenda bwino.
Nanga mpata uwu wachokera kuti?

Ndinapita kumanzere ndi tochi ya foni.
Kumeneko padi yakhala phee,
itagwidwa ndi kachitsulo kopindika,
kochepa ngati chikhadabo,
kamene sindikukumbuka kuti ndinakabwezera.
Kumanja kulibe.
Zitsulo zonse zolemera zija, mabauti, kalipa,
zikudikira kanthu kosalemera ngati tsamba.

Ndinagwada m'fumbi, ndinapeta dothi ndi zala.
Ndinakoka maginito a wailesi yakufa pabwalo lonse.
Ndinapeza misomali itatu, pini ya tsitsi,
kiyi wa loko amene tinathyola chaka chatha.
Nkhuku zinandizungulira, zikuyesa ndikufesa.

Kenaka, vuuu, pakamwa pa Zindaba,
akukhota pa ngodya ya bafa ndi galimoto yake yamawaya,
matayala a zitsekerero, chiwongolero cha bango,
ndipo kumbuyo, pakati pa mawilo,
kanthu kakung'anima.
"Kameneko wakatenga kuti?"
"Ndi mabuleki anga, atate.
Munakasiya pa mwala. Ndinayesa mwatsiriza."

Tinakambirana ngati amuna.
Anayamba ndi makwacha khumi,
tinagwirizana awiri ndi chitumbuwa,
ndiponso kuti agwire tochi.
Kachitsulo kanalowa ndi kamawu kamodzi, tswa,
padi inaleka kuvina.
Ndinapopa buleki mpaka inalimba pansi pa phazi,
ndinawerenga zotsala pa thumba la fetereza:
palibe. Ndinawerenganso.

Lero ndatsika Kanjala wailesi yozima,
zenera lotsegula, khutu kumbuyo.
Ndangomva mabelu a njinga
ndi mayi wogulitsa masuku akuitana.
Amake mwana akhala kutsogolo,
koma dzanja silinachoke pa chitseko.

Pobwera ndapeza Zindaba pa kamtunda ka kuseri,
galimoto yake ili gada m'bedi la repu.
Wandiyang'ana, osaseka.
"Mwaona, atate?
Ilibe mabuleki."